Ejenti, saveya, valuer ndi loya: musanapereke ndalama ya malo, dziwani ntchito ya aliyense

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa anthu omwe malo awavuta ndi akuti, "Zonse anandiyendetsera ndi ejenti." Mukafunsitsa mupeza kuti ejentiyo ndiye anapeza poloti, ndiye analoza malire ndi chala, ndiye anatchula mtengo, ndiye analemba pangano papepala long'amba m'kope, ndiyenso analandira ndalama. Ntchito zimenezi ndi za anthu osiyana, amene anaphunzira zosiyana, ndipo aliyense ali ndi bungwe lomwe lingamulande chiphaso akachita zosayenera. Zikaunjikana pa munthu mmodzi, wogula amasowa pogwira tsiku limene wina watulukira ndi mapepala ake n'kunena kuti malowo ndi ake. Zimandipweteka chifukwa ndalama ya poloti nthawi zambiri imakhala ya zaka: ya penshoni, ya fodya, ya ku banki m'khonde, kapena yotumiza wachibale amene akuvutika ku Joni.

Ejenti ntchito yake ndi kukumanitsa wogulitsa ndi wogula, basi. Alipo a mitundu iwiri ngakhale kuti onse timangowatcha dzina limodzi. Woyamba ndi wolembetsedwa. Kuyambira kale ntchitoyi yakhala pansi pa lamulo la Land Economy Surveyors, Valuers, Estate Agents and Auctioneers Act, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano okhudza kayendetsedwe ka malonda a malo ndi nyumba komanso kawerengedwe ka mitengo yake. Anthu oterewa ambiri anachita digiri ya Land Economy ku MUBAS, komwe kale tinkati ku Poly, kapena ya Estate Management ku Mzuzu University, kenako n'kugwira ntchito pansi pa katswiri wina asanalembetsedwe paokha. Ambiri ndi mamembala a Surveyors Institute of Malawi. Amakhala ndi ofesi yodziwika, amapereka lisiti, ndipo asanayambe kutsatsa nyumba amakhala ndi kalata yosainidwa ndi mwiniwake yowapatsa mphamvu yogulitsa. Kalata imeneyi muziyipempha. Ngati palibe, ndiye kuti munthuyo akutsatsa chinthu chomwe mwina mwiniwake sakudziwa n'komwe kuti chili pamsika.

Wachiwiri ndi dobadoba, uja amaika zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, kapena kulemba nambala yake pa bolodi m'mbali mwa msewu. Sindikunyoza ntchito yake. Dobadoba wa m'dera amadziwa nyumba imene alendi akutuluka mawa, amadziwa banja lomwe likufuna kugulitsa msanga, amadziwanso mbali imene madzi amasefukira dzinja. Makampani akuluakulu safika ku Mgona kapena ku Mbayani kukafufuza nyumba ya zipinda ziwiri. Vuto ndi lakuti alibe chiphaso choti ataye. Akakupusitsani amangothimitsa foni, ndipo kotsala n'kupolisi.

Kadyedwe kake muzikamvetsa. Mwachizolowezi komishoni amalipira ndi wogulitsa, ndipo ziwerengero zomwe zimamveka kwambiri ndi 5 kapena 10 pa 100 iliyonse. Koma adobadoba ambiri amaika yawo pamwamba. Mwini malo akufuna K8 miliyoni, inu mukuuzidwa K11 miliyoni, ndipo yapakatiyo agawana anthu atatu kapena anayi omwe apatsirana nkhaniyo, woyamba yekha ndiye akumudziwa mwiniwake. N'chifukwa chake mukati mukufuna kuonana ndi mwini malo mumamva zoti ali kumudzi kumaliro, kapena kuti safuna kuvutitsidwa. Ndalama yoonera malo, ija amati ya viewing, ndi yochepa ndipo mutha kupereka. Koma ndalama yogulira malo isadutse m'manja mwa ejenti wosalembetsedwa ngakhale pang'ono. Pa nyumba za lendi ndi chimodzimodzi: lendi ya miyezi itatu ija muzipereka kwa landilodi weniweni kapena kampani yomwe ili ndi kalata yake, mutalowa m'nyumbamo n'kuona kuti makiyi akutsegula. Nyumba imodzi kulandirira madipoziti a mabanja atatu si nkhani yachilendo m'mizinda yathu.

Palinso oyang'anira nyumba, amene amatolera lendi, kukonzetsa zowonongeka ndi kulipira msonkho wa khonsolo m'malo mwa mwini nyumba. Maphunziro awo ndi ofanana ndi a ejenti wolembetsedwa. Ngati muli kunja ndipo mukufuna wotere, pangano linene tsiku lomwe ndalama izilowa ku akaunti yanu komanso malire a ndalama yomwe angagwiritse ntchito pokonza zinthu osakufunsani.

Tsopano saveya. Uyu ndiye anthu amamudumpha kwambiri pofuna kupulumutsa ndalama, koma milandu yambiri ya malire imachokera pamenepa. Funso lomwe saveya wa malo amayankha ndi limodzi: malowa ali pati, ndipo ndi aakulu bwanji? Amaphunzira Land Surveying, ku MUBAS kapena ku Mzuzu University, ndipo kuti ntchito yake ilandiridwe ndi boma ayenera kukhala ndi chiphaso pansi pa lamulo la Land Survey Act la 2016. Zoyeza zake amazipereka ku ofesi ya Surveyor General, komwe amaziunika asanavomereze deed plan. Ambiri amene mumakumana nawo kumunda atanyamula zida ndi othandizira chabe. Si cholakwika, bola mudziwe dzina la saveya wa chiphaso yemwe adzasaine ntchitoyo, apo ayi mulipira mapu okongola omwe ku Lands, ku ofesi ya boma yoona za malo, akawakana.

Mapepala awiri amasokoneza anthu. Sketch plan ndi chojambula chongosonyeza pomwe malo ali ndi kukula kwake mongoyerekeza, chimene chimagwira ntchito poyamba kupempha lizi, pangano lobwereka malo kwa zaka zoikika. Deed plan ndiye yovomerezeka, ili ndi nambala yake, kutalika kwa mbali iliyonse, ndi manambala a mabikoni, zizindikiro za malire a malowo. Wogulitsa akakuonetsani sketch plan n'kumati "malowa ndi oyezedwa kale", dziwani kuti ulendo wa mapepala sunafike n'pakati pomwe.

Pogula, lembani saveya wanu, osati wa wogulitsa, kuti akapeze mabikoni pansi mogwirizana ndi deed plan. Bikoni yeniyeni ndi kachitsulo kozikidwa mu simenti pangodya ya poloti. Nthawi zambiri mumakapeza katakwiririka, ndipo pamafunika khasu. Zimene zimatuluka pa tsiku limeneli n'zambiri: mpanda wa neba walowa mamita awiri, bikoni inazulidwa n'kusunthidwa, kapena poloti yomwe mwaonetsedwa si imene ili pamapepala koma yoyandikana nayo. Izi zomalizazi zimachitika kwambiri m'madera atsopano momwe mapoloti onse ndi tchire lofanana, ndipo anthu amangapo nyumba mpaka kufolera pa poloti ya eni. Saveya amakuuzaninso ngati gawo la malowo lili m'malire a msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, kapena m'mphepete mwa mtsinje momwe saloleza kumanga.

Musalole kuyezeredwa ndi GPS ya m'foni kapena kachipangizo ka m'manja kaja. Zimenezi zimaphonya ndi mamita atatu, asanu, nthawi zina kuposa. Pa poloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, kuphonya ndi mamita atatu m'lifupi ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a malo anu lapita. Zida za saveya weniweni zimaphonya ndi masentimita ochepa chabe. Ndipo kwa ogula minda: hekitala ndi masikweya mita 10,000, pomwe ekala ndi pafupifupi 4,047. Hekitala imodzi muli maekala awiri ndi theka kuchotsako pang'ono. Pangano likangoti "maekala asanu" oyezedwa ndi mapazi a wogulitsa, yembekezerani kupeza atatu ndi theka. Gwirizanani mtengo wa pa hekitala kapena pa ekala, ndalama yonse idziwike saveya atayeza.

Valuer ndi wina. Mawu oti saveya amawakhudza onse awiri m'Chingerezi cha m'maofesi, n'chifukwa chake anthu amawasokoneza, koma valuer sayeza malire. Iye amanena mtengo. Sukulu yake ndi yomwe ija ya Land Economy kapena Estate Management, ndipo lipoti lake limakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati ndi wolembetsedwa. Mabanki amakhala ndi mndandanda wawo wa ma valuer omwe amawadalira, choncho ngati cholinga ndi ngongole, yambani mwafunsa kubanki musanalipire aliyense. Ambiri amalipira kawiri chifukwa chobweretsa lipoti la munthu amene banki siyimulandira.

Nyumba imodzi imakhala ndi mitengo ingapo pa tsiku limodzi, ndipo yonse ndi yoona. Pali mtengo wa pamsika, womwe wogula ndi wogulitsa angagwirizane popanda wokakamizidwa. Pali mtengo wogulitsa mwachangu, monga banki ikalanda chikole, umene umakhala wotsika, ndipo banki imauyang'anitsitsa poganiza zokubwerekani. Pali mtengo wa inshuwalansi, womwe ndi ndalama yomangiranso nyumbayo itapsa, ndipo sawerengeramo malo chifukwa nthaka siipsa. Palinso mtengo womwe khonsolo imawerengerapo msonkho wa nyumba, wochokera m'kaundula amene lamulo limati azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Choncho valuer akakufunsani kuti lipotili ndi la chiyani, si kuti akuchedwetsa. Yankho lanu ndi lomwe limamuuza mtengo woti afufuze.

Njira yake yodziwika kwambiri ndi kuyerekeza ndi nyumba zofanana zomwe zagulitsidwadi posachedwa m'dera lomwelo, osati mitengo yotsatsira pa intaneti, chifukwa yotsatsira ndi zofuna za wogulitsa chabe. Pa nyumba za lendi ndi mashopu amayambira pa ndalama yomwe nyumbayo imabweretsa. Ya K300,000 pamwezi ndi K3.6 miliyoni pachaka, achotsepo msonkho wa khonsolo, zokonzetsa ndi miyezi yomwe imakhala yopanda munthu, kenako yotsalayo ndiyo imamuuza ndalama imene wogula wanzeru angaikepo. Pa zinthu zosagulitsidwa kawirikawiri, monga tchalitchi kapena sukulu, amawerengera ndalama yomangira n'kuchotsapo kutha kwa nyumbayo.

Apa ndi pomwe eni nyumba amakwiya. Ndalama yomwe munamangira si mtengo wa nyumba. Mukamanga nyumba ya matailosi ochokera kunja kudera kopanda msewu wabwino, kopanda madzi a m'mipope, pa malo opanda lizi, msika sukubwezerani zonse. Valuer amene akuvomera kukweza chiwerengero kuti musangalale akukuikani m'mavuto, chifukwa mutenga ngongole yoposa chikole chanu. Lipoti labwino limakhala ndi tsiku lomwe anayendera nyumbayo, cholinga chake, nambala ya title (chikalata cha umwini wa malo), zaka zotsala pa lizi, miyezo ya nyumba, zithunzi, zowonongeka zomwe waona, ndi saini ya valuer wolembetsedwa. Ndi momwe kwacha ikugwera, lipoti la chaka chatha musalidalire. Chinanso: makampani ambiri ali ndi ziphaso zonse ziwiri, yogulitsa ndi yowerengera mitengo. Ngati kampani ikugulitsa nyumba n'kumayembekezera komishoni, isakhale yomweyo yokuuzani inu wogula kuti mtengowo ndi woyenera.

Loya ndiye amayankha funso lalikulu kuposa onse: malowa ndi a ndani, ndipo angathe kugulitsidwa? Loya amakhala ndi digiri ya malamulo, amalandiridwa ku khoti lalikulu, ndipo chiphaso chake chogwirira ntchito amachikonzanso chaka chilichonse. Malawi Law Society imatulutsa mayina a omwe ali ndi ziphaso chaka chimenecho. Kalaliki wa ku ofesi ya maloya, kapena munthu wokhala ndi chidindo cholumbiritsira anthu, sangalowe m'malo mwake. Chidindo chija chimangotsimikiza kuti munasaina pamaso pake. Sichinena kuti wogulitsayo ndi mwini malo.

Choyamba chomwe loya amachita ndi search, kufufuza zomwe zinalembedwa za malowo, ku kaundula wa malo, ku Lands ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu. M'mizinda malo ambiri ali pansi pa Registered Land Act, ndipo title yake imakhala ndi dzina la dera ndi nambala, monga Bwaila kapena Alimaunde ku Lilongwe, Nyambadwe kapena Likabula ku Blantyre. Kaundulayo ali ndi zigawo zitatu: chofotokoza malowo, chonena mwiniwake, ndi chonena zomangirira malowo. Chachiwiri ndi chachitatuchi ndi zomwe muyenera kuwerenga modekha. M'menemo mumapezeka ngongole ya banki yomwe malowo ndi chikole chake, kapena caution, chiletso choimitsa kusintha umwini wa malowo, yomwe wina anaika, mwina mkazi wa wogulitsa, mwina munthu amene anagula kale malo omwewo. Satifiketi yomwe wogulitsa wanyamula siikuuzani zimenezi, ndipo masiku ano zachinyengo zimasindikizidwa mooneka bwino kwambiri. Chodalirika ndi chomwe chili m'kaundula tsiku limenelo. Madera omwe sali pansi pa lamuloli amagwiritsa ntchito kaundula wa ma deed, ndipo kumeneko loya amatsata mapepala kuchokera kwa mwini woyamba mpaka wa lero.

Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Ngati mwini malo anamwalira, mwana wake, ngakhale woyamba kubadwa, alibe mphamvu yogulitsa popanda makalata a khoti omupatsa udindo woyendetsa chuma chamasiye, malinga ndi lamulo la 2011 la Deceased Estates. Malo a masiye amatsika mtengo mokopa, chifukwa wogulitsayo amafuna athane nazo abale ake asanamve. Patapita zaka, ana ena aja akakula, amabwera ndi samani.

Kenako pamabwera pangano logulitsana, chilolezo cha mwini nthaka ngati malowo ndi a lizi, chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, umboni woti msonkho wa khonsolo ndi lendi ya nthaka zinalipiridwa, stamp duty, womwe ndi msonkho wa pa mapepala osinthira umwini, ndipo pomaliza kulembetsa dzina lanu m'kaundula. Ngongole za msonkho wa khonsolo zimatsala pa nyumba, choncho mukapanda kufufuza mudzalipira za mwini wakale. Njira yotetezeka ndi yoti ndalama ikhale ku akaunti ya makasitomala ya loya, ituluke magawomagawo, gawo lomaliza lituluke mapepala osinthira umwini atasainidwa. Loya wa wogulitsa amateteza wogulitsa. Pezani wanu. Ndipo akakufunsani komwe ndalama yachokera musakhumudwe, lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limawakakamiza maloya ndi ma ejenti kutero.

Mapoloti a Malawi Housing Corporation ndi a khonsolo ali ndi kayendedwe kawo. Ambiri amene amagulitsa amakhala ndi offer letter yokha, yomwe ndi kalata yongokupatsani mwayi wa poloti mukakwaniritsa zofunika. Pitani limodzi ndi wogulitsa ku ofesi yomwe inapereka polotiyo, mukaone faelo yake, ngongole zomwe zatsala, ndiponso ngati sanalandidwe chifukwa chosamanga m'nthawi yake. Lizi ya malo okhala nthawi zambiri ndi ya zaka 99, koma imabwera ndi pangano loti mumange m'nthawi yoikika. Kusintha dzina kuchitikire ku ofesi komweko, osati pansi pa mtengo.

Nanga amfumu? Mapoloti ambiri omwe akugulidwa lero ali m'mphepete mwa mizinda, ku Njewa, ku Chileka, ku Mpemba, ku Lunzu, ku Dunduzu, komwe ndi malo a makolo. Ulemu kwa amfumu ndi wofunika, ndipo umboni wawo umathandiza kudziwa banja lomwe lakhala likulima pamalopo. Koma kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo si title, ndipo banki siyiilandira ngati chikole. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo, ndipo lili ndi zoletsa pa kagulitsidwe kake, choncho funsani loya kapena ofesi ya malo kwa DC musanapereke kanthu. Pamalo oterewa musakhutire ndi munthu mmodzi. Kumadera a chikamwini mwamuna amene akukuonetsani munda mwina ndi mkamwini chabe, eni nthaka ndi akuchikazi ndi amalume awo. Itanani mwini mbumba, itanani oyandikana nawo mbali zonse zinayi, muyende m'malire onse pamodzi saveya ali pomwepo, ndipo onse asaine.

Makampani ogula munda waukulu n'kuuduladula mapoloti olipira pang'onopang'ono achuluka. Apa ndi pomwe physical planner amalowa. Iye ndiye amajambula kagawidwe ka malo, misewu, ngalande ndi malo a sukulu, ndipo pulaniyo iyenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za mapulani pansi pa Physical Planning Act ya 2016. Funsani zinthu ziwiri: title ya munda wonsewo ili m'dzina la kampaniyo kodi, ndipo pulani yogawa mapoloti ili ndi chidindo chovomereza? Popanda zimenezi simudzapeza title yanuyanu ngakhale mutamaliza kulipira, ndipo kamsewu kolowera kwanu kakhoza kugulitsidwa ngati poloti. Planner yemweyo ndi amene angakuuzeni ngati dera limalola zomwe mukufuna, chifukwa malo olembedwa kuti ndi okhala anthu simungangomangapo loji kapena sukulu popanda chilolezo chosintha ntchito yake.

Za omanga ndingodutsa mwachangu. Architect amajambula nyumba, quantity surveyor amawerengera zipangizo ndi ndalama yomangira, ndipo onse awiri ali ndi bodi yawo yowalembetsa. Quantity surveyor angakuuzeni matumba a simenti omwe nyumba idye, koma sangakuuzeni mtengo womwe ingagulitsidwe. Nyumba yosanja imafunikanso injiniya woona za kulimba kwake. Pogula nyumba yomangidwa kale mumzinda, pemphani pulani yomwe khonsolo inadinda, muyerekeze ndi zomwe zaima pamalopo.

Kwa inu muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Ireland kapena ku UK, vuto lalikulu si dobadoba koma kutuma wachibale kuti achite zonse. Mapepala amathera m'dzina lake "kuti zifulumire", ndipo kubweza pambuyo pake kumafuna kusinthanso umwini, misonkho yake, ndi mtima wabwino wa wachibaleyo, umene nthawi zina umasintha akaona nyumba yatha. Lembani power of attorney, kalata yopatsa wina mphamvu yokuimirirani, kudzera kwa loya, yotchula poloti yeniyeniyo ndi zomwe wotumidwayo akuloledwa kuchita, ndipo inene kuti malowo alembedwe m'dzina lanu. Saveya ndi loya muziwalipira nokha mwachindunji, akutumizireni zotsatira za search ndi lipoti la mabikoni pa foni yanu ndalama yogulira isanachoke ku akaunti.